CD56 yakana pa zotupa za impso, ndithandizeni kabotolo kasanathe

Tadala: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto ndipo mtima uli m'mwamba. Ndikuchita kafukufuku wa masters pa zotupa za impso za ana, zija za Wilms. Ndili ndi mabuloko a phula 42, tizidutswa ta zotupa tosungidwa mu phula, ndipo ndikufuna kuona puloteni ya NCAM (neural cell adhesion molecule), imene ambiri timangoti CD56, m'maselo a blastema, maselo akhanda a m'chotupamo. Antibody, imene imakakamira puloteniyo kuti ioneke, ndinagula ya mbewa, monoclonal, clone 123C3, kabotolo ka 0.1 ml kokha, ndipo kanatenga miyezi itatu kuti kafike. Sabata yatha ndinayesa masilaidi 8. Atatu atuluka bulauni paliponse ngati ndawathira tiyi, asanu alibe kalikonse, buluu wa haematoxylin yekha. Ndikusungunula 1:100. Ndawerengera, zotsalazo zingakwane masilaidi osapitirira 58, ndipo 42 mwa amenewo ndi a kafukufuku weniweniyo. Ndalama yogulira kena ndilibe.

Bambo Kamanga: Mwachita bwino kufunsa mwanangu, paja safunsa anadya phula. Tisanapite kutali, pa masilaidi 8 amenewo control, mnofu woyerekezera umene zotsatira zake n'zodziwika kale, inali iti?

Tadala: Sindinaike bambo. Ndinaganiza kuti popeza Wilms imadziwika kuti imakhala ndi CD56, chotupacho chikhala control pachokha. Komanso ndimaumira antibody.

Bambo Kamanga: Apo ndiye pamene payambira vuto. Chinthu chimene mukuchifufuza sichingakhalenso mboni yake. Pezani buloko ya appendix, labu iliyonse ya histology ili nazo zambiri. Pakati pa mizere iwiri ya minofu ya khoma lake pamadutsa mitsempha ya uthenga ndi timagulu ta maselo ake otchedwa ganglion, ndipo CD56 ikagwira ntchito zimenezi zimada bii, mumaziona ngakhale pa x4. Maselo a epithelium oyala mkati mwake ayenera kukhala oyera. Ndiye kachidutswa kamodzi kakupatsani zonse ziwiri, pofunika kuda ndi posafunika kuda. Muike kachidutswa ka appendix pa silaidi yomweyo imene pali chotupa, m'munsi mwake, kuti dontho limodzi lomwelo ligwere zonse. Simuonongapo antibody yochuluka.

Chachiwiri, bwererani ku masilaidi asanu oyerawo. Pomwe pali impso yabwino m'mphepete mwa chotupa, yang'anani pafupi ndi mitsempha ya magazi ikuluikulu. Pamakhala timitsempha ta uthenga tating'ono totsatira khoma lake. Ngati nato tili toyera, silaidiyo sinakuuzeni kuti CD56 mulibe. Yangokuuzani kuti ntchito sinagwirike.

Yamikani: Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene ku histology chaka chino. Funso langa mwina ndi lachibwana. Dzina lake likuti ndi puloteni ya maselo a ubongo ndi mitsempha, nanga mu impso ikutanimo?

Limbani: Si lachibwana achimwene, ine ndathera zaka zitatu pa puloteni imeneyi kuno ku Edinburgh ndipo funsoli limabwerabe. Dzinalo linachokera komwe anaipeza koyamba. Cha m'ma 1976 ndi 1977 gulu la Gerald Edelman ku Rockefeller University ku New York, momwe munali Urs Rutishauser, Jean-Paul Thiery ndi Robert Brackenbury, linkamwaza maselo a m'diso la kamwanapiye kosaswa, n'kuona kuti maselowo akusonkhananso okha. Atathira antibody yotseka puloteni inayake ya pa khungu la selo, kusonkhanako kunaleka. Ndiye anati iyi ndi yomata maselo a mitsempha, neural cell adhesion molecule. Edelman yemweyo anali atalandira kale Nobel mu 1972 pamodzi ndi Rodney Porter chifukwa chofotokoza mapangidwe a antibody, ndipo zinadzapezeka kuti NCAM ndi m'bale wake wa antibody pa kapangidwe. Kunja kwa selo ili ndi zigawo zisanu zofanana ndi za immunoglobulin, kenako ziwiri za mtundu wa fibronectin.

Koma thupi silinailembe dzina lakuti ya ubongo yokha. Mwana ali m'mimba, maselo amene amadzapanga timasefa ta impso amakhala nayo yambiri, kenako impso ikakhwima imachepa. Blastema ya Wilms ili ngati maselo omwewo amene anakana kukula, anangopitiriza kuchulukana ali akhanda. N'chifukwa chake a Tadala akuiyembekezera pamenepo.

Mphatso: Ife a flow cytometry tikamva CD56 sitiganizako za ubongo n'komwe, timaganiza maselo a NK, oteteza thupi a m'magazi, aja a CD56 ali nayo koma CD3 alibe. Achemwali a Tadala, ine mu furiji ndili ndi CD56 yotsala, clone B159 ya PE. Ikatha yanu ndikhoza kukugawirani.

Limbani: Mtima wabwino achimwene koma imeneyo isapite pa phula. Yanuyo inapangidwira selo lamoyo loyandama m'madzi, pomwe puloteni ili mmene Mulungu anaipindira. Puloteni ya mu mnofu wa a Tadala yadutsa mu fomalini, mu alcohol, mu xylene, mu phula lotentha. Kamalo kamene antibody yanu imagwira kakhoza kukhala kataphimbika kapena kusintha. Komanso PE ija ndi yowala pa laser, pa maikulosikopu wamba simuona kanthu. Pa pepala lobwera ndi antibody muzifuna pomwe alemba kuti inayesedwa pa minofu ya fomalini ndi phula, ndiponso kuti ndi ya munthu. Ine ndimagwira pa ubongo wa mbewa, ndipo ndikatenga antibody ya mbewa ngati 123C3 ndimavutika kawiri: mwina siigwira NCAM ya mbewa, ndiponso secondary, antibody yachiwiri yofunafuna yoyambayo, imakakamira ma antibody a mbewa yomweyo amene ali kale mu mnofu.

Mphatso: Ndamva, ndabweza dzanja. Koma ndifunseko china. Kabotoloko kanafika kozizira? Ine chaka chatha katundu wanga anakhala masiku asanu ndi limodzi podikira mapepala, nditatsegula bokosi madzi oundana aja anali atasanduka madzi ofunda. Ma antibody awiri mwa asanu sanagwirenso bwino.

Tadala: Kanafika kozizira ndithu, ndinakhudza ndekha. Kali mu furiji ya madigiri 4, yomwe ili pa jenereta magetsi akazima. Sindinakaumitsepo.

Bambo Kamanga: Musakaumitse ndithu pokhapokha pepala lake litanena. Ndipo musamasungunule wambiri, muzisungunula wa tsiku lomwelo. Tsopano tiuzeni mmene munaphikira masilaidi.

Tadala: Citrate ya pH 6, mu microwave ya mu labu, mphindi 15. Ndinene zoona, nditatsegula madzi anali ataphwera, theka la m'mwamba la masilaidi ena linali pamtunda. Ndinangothiramo ena n'kupitiriza.

Bambo Kamanga: Eya, ndi zimenezo. Mwapeza nokha chimodzi mwa zifukwa za tiyi uja. Mnofu ukauma nthawi ina iliyonse mutachotsa phula, umayamwa chilichonse chimene mwauthira ndipo DAB, utoto wabulauni woonetsa pomwe antibody yagwira, imada paliponse. Yang'anani bwino atatu aja, mwina mupeza mzere pomwe madzi analekezera.

Ine microwave ndinasiya kale. Poto wa pulesha wa kukhitchini, wogula mu sitolo wamba, ndi amene ndagwiritsa ntchito zaka zambiri. Madzi saphwera, kutentha kumafika paliponse mofanana. Akayamba kulira muwerenge mphindi zitatu, muzimitse, mumusiye azizire yekha, masilaidi akhale m'madzi omwewo mphindi 20. Osathamangira kuwatsuka ndi madzi ozizira.

Ndipo 123C3 mmene ndaionera ine imakonda pH yokwera, Tris-EDTA ya pH 9, kuposa citrate. Koma pH 9 imasenda mnofu pa galasi, ndiye masilaidi akhale aja a charged, ndipo muwaumike mu uvuni wa madigiri 60 kwa ola limodzi musanayambe.

Yamikani: Bambo, kuphikako kumathandiza chiyani kwenikweni? Ine ndimangotsatira pepala la pakhoma.

Bambo Kamanga: Fomalini imamanga mapuloteni wina ndi mnzake ngati mtolo wa nkhuni, n'chifukwa chake mnofu suwola. Koma pomangapo imatsekereza pomwe antibody imayenera kugwira. Kutentha kumamasula zingwezo. Ife tinayamba ntchito izi kulibe, tinkagaya ndi trypsin n'kumapemphera. Shi ndi anzake atalemba za kutenthetsa mu 1991 m'pamene ma antibody ambiri amene tinkati sagwira pa phula anayamba kugwira.

Dr. Mwale: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete pakati pa ma report. A Kamanga anena zonse za pa benchi. Ine ndikufuna ndilankhule za bulauni amene si DAB, chifukwa pa Wilms ya kuno ameneyu wanamiza anthu ambiri. Ana athu amayamba alandira vincristine ndi actinomycin D asanachotsedwe impso, monga mwa njira ya SIOP, bungwe la padziko lonse la madokotala a khansa ya ana. Ndiye chotupa chimafika pa tebulo lanu chitafa kale mbali yaikulu. M'malo akufawo mumadzaza ma macrophage onyamula haemosiderin, timibulu ta bulauni wonga golide. Munthu wongoyamba akaona amalemba kuti positive. Komanso mnofu wakufa pawokha umayamwa antibody mwachisawawa. Onjezanipo fomalini yopanda buffer, imene ikakumana ndi magazi imasiya timadontho takuda, ndiponso mwana amene anadwalapo malungo akhoza kukhala ndi haemozoin m'maselo oyera a m'mitsempha ya magazi. Zinthu zitatu zabulauni DAB isanafike n'komwe.

CD56 yeniyeni imakhala pa khungu la selo. Pa x40 muziona kamzere kozungulira selo lililonse, blastema yonse ioneke ngati chisa cha njuchi, ma nucleus a buluu ali m'katimo. Ngati ndi timibulu tomwazika m'kati mwa selo, kapena utoto wongoti pha osasankha malo, musawerenge.

Tadala: Adokotala, ndabwerera ku maikulosikopu pompano. Mzere uja a Kamanga anena ulipo pa awiri, wowongoka ngati wolemba ndi rula. Wachitatu ndi wodzaza timibulu ta golide tija. Chisa cha njuchi sindinachione paliponse. Ndipo timitsempha ta pafupi ndi artery pa oyera aja ndi toyera nato.

Dr. Mwale: Ndiye palibe silaidi ngakhale imodzi mwa 8 imene yanena kanthu za chotupa, ndipo zimenezi zikulimbikitseni. Chitani izi: silaidi imodzi ya buloko ya timibuluyo idutse njira yonse koma osaithira primary, antibody ya CD56 ija, muithire diluent yokha, madzi osungunulira aja. Chilichonse chimene chide pamenepo si CD56. Ina muipake Perls, haemosiderin isanduka buluu. Peroxide munathira?

Tadala: Ndinathira ya 3%, mphindi zisanu. Koma botolo lake ndinalipeza lotsegulidwa kale, sindikudziwa liti.

Bambo Kamanga: Litayeni. Peroxide yokhalitsa ndi madzi chabe. Mugule yatsopano ku pharmacy, siidula, muisunge mu furiji m'botolo lakuda. Mphindi 10. Chotupa cha magazi ambiri ngati chimenechi chimadzaza peroxidase yakeyake, imene imadetsa DAB ngati simunaiphe ndi peroxide.

Limbani: Ndionjezeko chinthu chimene chimandisangalatsa pa Wilms, mwina chikuthandizani polemba. NCAM si imodzi. Jini yake, NCAM1, ili pa chromosome 11, koma imatulutsa mitundu itatu ikuluikulu, ya 120, 140 ndi 180 kDa. Ya 120 ilibe mchira wolowa m'kati mwa selo, imangokoloweka kunja. Ndiye antibody yogwira mchira wa m'kati siingaone ya 120, pomwe yogwira kunja imaona yonse. Anthu awiri akhoza kunena kuti tapaka NCAM koma akuona zinthu zosiyana.

Kenako pali shuga. Pa chigawo chachisanu chija selo limatha kumangirira unyolo wautali wa polysialic acid. Unyolowu umakoka madzi n'kutupa, ndiye maselo awiri sangayandikane bwino. Puloteni yomata ija imasanduka yoterereka. Mu ubongo wa mwana wosabadwa imakhala yambiri chifukwa maselo ali pa ulendo, mwa wamkulu imatsala m'malo ochepa monga mu hippocampus momwe mumabadwabe maselo atsopano. Mu 1988 Jürgen Roth ndi anzake ku Switzerland anaonetsa kuti shuga ameneyu, amene amapezeka mu impso ya mwana wosabadwa n'kuzimiririka, amabwereranso mu Wilms.

Mphatso: Polysialic acid? Si yomwe ili pa chikopa cha meningococcus wa gulu B?

Limbani: Yomweyo ndendende, ndi pa E. coli K1 yemwe amadwalitsa makanda meningitis. Kachiromboko kanavala chovala chofanana ndi cha maselo athu, ndiye thupi silikaukira mwamphamvu. N'chifukwa chake katemera wa A, C, W ndi Y anapangidwa kuchokera ku shuga wa chikopa, koma wa B anachedwa mpaka anachita kufuna mapuloteni ena. Antibody 735 imene ambiri timagwiritsa ntchito poona polysialic acid, mwachidule PSA, inachokera ku kafukufuku wa tizirombo tomweti. Ine ndikapaka PSA ndimakhala ndi silaidi ina imene ndaidyetsa endo-N, enzyme yodula unyolowo. Ikadabe ndiye kuti ndikuona zina.

A Tadala, ine ndikanakhala inu ndikanapempha oyang'anira kafukufuku agule ya PSA, nkhani yanu ikanakoma kwambiri.

Bambo Kamanga: Achimwene a Limbani, mwanayu ali ndi madontho owerengeka a antibody imodzi imene sinagwirebe. Timuthandize iyi iyambe yagwira. Kumene muliko mukaitanitsa lero mawa yafika, kuno ndi miyezi itatu.

Limbani: Zoona bambo, ndathamanga. Koma pa clone ndiye ndiumirirabe pang'ono. A NordiQC a ku Aalborg ku Denmark, amene amatumiza minofu yofanana ku ma labu ambirimbiri n'kuyerekeza zotuluka, anapeza kuti ya kalulu, MRQ-42, imapereka zotsatira zodalirika kawirikawiri kuposa 123C3. Ngati mpata wogulanso udzapezeka, aganizireko imeneyo.

Bambo Kamanga: Pamenepo sindikutsutsani. Koma 123C3 ndaigwiritsa ntchito pamanja zaka zambiri ndipo ikaphikidwa bwino imagwira. Chimene sindingalole n'chakuti ayambe ndi clone ina n'kumalizira ina pa kafukufuku mmodzi. Mabuloko 42 onse adye mbale imodzi.

Chikondi: Ndalowa mochedwa. Bwanji osangogula polyclonal ya kalulu? Pa intaneti zilipo zotchipa kwambiri, ndipo zimagwira malo ambiri pa puloteni ndiye sizivuta kuphika. Ine pa western blot ndimagwiritsa zimenezo.

Dr. Mwale: Pa blot muli ndi mwayi woona kulemera kwa chimene chagwidwa, mukaona mzere pa 140 mumadziwa. Pa mnofu mulibe mwayi umenewo, bulauni ndi bulauni. Polyclonal ndi msakanizo wa magazi a kalulu mmodzi kapena angapo, akatha amenewo lot yotsatira ndi ya kalulu wina. Chimene Köhler ndi Milstein anatipatsa ku Cambridge mu 1975, popeza njira yopangira monoclonal, n'chakuti 123C3 ya ku Lilongwe ndi 123C3 ya ku Lusaka zikhale chinthu chimodzi, kuti wina adzathe kubwereza ntchito ya a Tadala. Sindikuti polyclonal zonse n'zoipa, koma yotchipa yosadziwika kumene inayesedwa ndiye ayi, makamaka pa minofu ya ana imene sitingaipezenso.

Chikondi: Ndamva adokotala, ngakhale pa mtengo pokhapo zimawawa.

Dr. Mwale: Zimawawadi. A Tadala, chinanso chokhudza zolemba zanu. Musadzalembe kuti CD56 ikutsimikiza kuti chotupa ndi Wilms. Puloteni imeneyi ndi yoyendayenda. Neuroblastoma ili nayo, rhabdomyosarcoma ili nayo, khansa ya m'mapapo ya small cell, maselo a myeloma ambiri, lymphoma ya NK/T ya m'mphuno, ngakhale chithokomiro chabwinobwino. Mwana akabwera ndi chotupa m'mimba ndipo funso ndi lakuti Wilms kapena neuroblastoma, CD56 ida konsekonse, siikuthandizani. Pamenepo timadalira H&E (utoto wamba wa haematoxylin ndi eosin), WT1, synaptophysin ndi zina. Phindu lake pa ntchito yanu ndi lakuti ikuonetseni blastema yamoyo imene yatsala mankhwala atadutsa. Mu SIOP, ngati chotupa chamoyo chaposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo magawo awiri mwa atatu a chamoyocho ndi blastema, mwanayo ali m'gulu la chiopsezo chachikulu ndipo amalandira mankhwala amphamvu. Kugawa kumeneku kumachitika pa H&E. Funso labwino ndi lakuti kodi CD56 ikugwirizana bwanji ndi diso la pathologist, ndipo ikusiyana nalo pati. Dziwaninso kuti timachubu takhanda ta epithelium ndi mbali zina za stroma nazo zimatha kuda, ndiye muziwerenga H&E ili pambali.

Tadala: Zikomo kwambiri nonse, ndalemba zonse m'kope. Funso lomaliza lero. Masilaidi onse 42 ndinadula kale mu Januwale kuti ndisavutike, ali m'bokosi pa shelefu. Ndigwiritse omwewo?

Bambo Kamanga: Ayi mwanangu. Pano ndi Meyi. Mnofu wa ma micron 4 uli pa mpweya, kutentha ndi chinyezi cha dzinja lonse, antigen, puloteni imene antibody imagwira, imafooka. Mu buloko phula limauteteza, pa galasi ayi. Dulani atsopano, mutaye zoyamba ziwiri zitatu za pamwamba pa buloko, mupake pasanathe sabata ziwiri. Akale aja musungire H&E ndi Perls, sanatayike.

Dongosolo lake likhale ili. Musakhudze chotupa kaye. Appendix yokha, masilaidi anayi: awiri citrate, awiri pH 9, pa gulu lililonse wina 1:50 wina 1:100. Muzungulize mnofu ndi cholembera cha phula kuti dontho lichepe, ma microlitre 80 akwana pa kachidutswa kakang'ono. Mu bokosi lotseka, pansi muyale thonje lonyowa. Mukapeza tonsil ndi bwinonso, chifukwa maselo a NK a mmenemo amada pang'ono chabe, ndiye akaoneka mumadziwa kuti njira yanu ikuona ngakhale zofooka. Ndipo chilolezo chanu cha kafukufuku chionetse kuti mugwiritsa ntchito minofu ya control, ngati simunalembe mukaonjezere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tadala: Ndabweranso akuluakulu, papita masiku asanu ndi anayi. Poto ndinabwereka kwa mayi anga aang'ono ndipo ndawauza kuti sabwereranso kukhitchini, ndiwagulira wina. Appendix ya pH 9 pa 1:100 yatuluka mokongola moti ndinaitana aliyense mu labu adzaone. Mitsempha pakati pa minofu ili bii, timaulusi tating'ono tikuoneka mpaka pansi pa mucosa, epithelium ili mbee. Ya citrate mitsempha ikuoneka koma mofooka, timaulusi tating'onoto palibe. 1:50 sinapose 1:100, yangoonjezera kautoto kumbuyo. Silaidi yopanda primary ndi yoyera kupatula timibulu tija, ndipo pa Perls tasanduka buluu monga ananenera adokotala.

Kenako ndinadula atsopano pa mabuloko asanu oyera aja. Atatu chisa cha njuchi chatuluka, blastema yonse. Ndinakhala pa mpando osalankhula kwa kanthawi. Koma awiri akanabe. Appendix ya pa silaidi yomweyo yada bwino, chotupa ayi, timitsempha ta mu impso nato ayi. Pa imodzi pali kamzere kopyapyala kakuda m'mphepete mwa kapsule basi.

Limbani: Mwagwira ntchito achemwali! Pa awiriwo bwanji muyese 1:25 ndi kuwagoneka usiku wonse mu furiji? Ine minofu yovuta ndimaichita choncho.

Bambo Kamanga: Ndikanavomera zikanakhala kuti vuto ndi antibody, koma appendix yachitira umboni kuti ili bwino. Vuto lili mu buloko, ndipo kamzere ka m'mphepete kaja kakundiuza nkhani yonse. Fomalini imalowa mu mnofu pafupifupi milimita imodzi pa ola, ndipo ikamapita m'kati liwiro limachepa. Impso ya Wilms imatha kulemera kilogalamu kapena kuposa. Ndikukumbuka ina imene inatipeza kuchokera ku chipatala china chakutali, mwana wa zaka zitatu. Anaiika yathunthu, yosacheka, mu chidebe cha mafuta ophikira chodulidwa pakamwa, fomalini yongofika theka. Inayenda masiku anayi. Nditaicheka, kunja kunali kolimba kotuwa ngati chala chimodzi kuya kwake, m'kati monse muli phala lofiira lonunkha. Amene anaitumiza sanachite mwadala, analibe chidebe chachikulu ngakhale fomalini yokwanira, ndipo palibe anawauzapo kuti azicheka. Koma mayi wa mwanayo anadikira yankho limene sitinathe kulipereka mokwanira, ndipo mpaka lero zimandikhudza. Kuyambira pamenepo ndimaimbira a ku theatre ndekha: chotupa chachikulu chifike msanga chisanaikidwe m'chilichonse, kapena chichekedwe ngati buledi, fomalini ikhale yochuluka kakhumi kuposa mnofu.

Mukakweza antibody pa mnofu wowola mupeza bulauni ndithu, koma wabodza, ndipo mudzakhala mwapaka awiriwo mosiyana ndi anzawo 40.

Limbani: Ndagonja bambo. Za kamzere ka m'mphepete sindinaziganizire, minofu yanga imakhala tizidutswa ta mbewa tolowa fomalini nthawi yomweyo.

Dr. Mwale: Pali njira yotsimikizira osaononga CD56 yanu. Pakani vimentin, clone V9, pa awiriwo. Imapezeka pafupifupi mu mnofu uliwonse, m'makoma a mitsempha ya magazi ndi mu stroma, ndipo anthu akhala akuigwiritsa ntchito poona ngati mnofu unasungika bwino. Ikakana nayonso, mabulokowo mulembe kuti sanatheke kuwerengedwa, osati negative, ndipo munene chifukwa chake mu lipoti. Musanawataye yang'anani ngati odwala awiriwo ali ndi mabuloko ena, makamaka odulidwa kufupi ndi kunja kwa chotupa. Powerenga 40 enawo mukhale anthu awiri, aliyense payekha, osadziwa kuti mwanayo zinamuthera bwanji. Ine ndikhoza kukhala wachiwiri ngati oyang'anira anu avomera.

Tadala: Adokotala ndathokoza kwambiri, ndiwauza mawa m'mawa. Ndayang'ana m'kaundula, mmodzi ali ndi mabuloko ena atatu, winayo ndi yomweyo yokha. Vimentin ilipo ku labu ya diagnostic, ndikapempha masilaidi awiri alowe nawo pa ulendo wawo wa Lachinayi. Antibody yatsala yokwana masilaidi pafupifupi 47. Ndipaka khumi khumi, appendix pa silaidi iliyonse.

Yamikani: Achemwali, tsiku lopaka khumi oyambawo mungandilole ndidzaime pambali? Chisa cha njuchicho sindinachionepo ndi maso anga.

Tadala: Bwerani Lolemba 7 koloko, tiyamba ndi kuchotsa phula. Tonsil yokha ndi imene ndikusowabe.

Bambo Kamanga: Ndili nayo buloko ya control yabwino, ya chaka chino, inakhala mu fomalini tsiku limodzi lokha. Ndilankhula ndi mkulu wa labu yathu asaine pepala lobwereketsa, a Yamikani adzaitenge Lachisanu masana.